Mankhwala a Zuhuri mu Wodi ya Esime

Esime Kachingwe anafika ku Mangochi mu 1983 ndi sutikesi ya malata, kachipewa koyera ka unamwino, ndi Chiyao cha mawu awiri okha. Anali mwana wa ku Ntcheu, wamfupi ngati mtondo, woyenda mwaliwiro ngati wasiya ndiwo pamoto. Anamuika mu wodi ya abambo pa chipatala china cha boma kufupi ndi nyanja, pa chaka choyesedwa. Akapambana, ntchito ndi yake. Akalephera, basi ya kwawo, kukalima mbatata anthu akumuloza.

Tsono wodi imeneyo, abale inu, inali mutu weniweni. Wotchi ya pakhoma inafa kalekale, ndipo ngakhale ikanakhala yamoyo, msodzi ndi wotchi n'zosiyana. Kutentha kwa Mangochi mukukudziwa. Dzuwa likangokwera, wodwala aliyense wotha kukwawa ankathawira pansi pa mitengo ya mango, ena mpaka kudoko kukafunsa za usipa. Nthawi ya mankhwala, Esime ankapeza mabedi ali pululu, eni ake kulibe. Ankalira nazo kuseri, tisabise.

Koma mtsikanayu anali ndi maso. Anaona kuti kumzikiti wapafupi akangoitana swala, anthu omwewo ankabwerera okha kudzasamba pampopi ndi kupemphera pakhonde. Basi, anapangana nawo: swala ikatha, mankhwala. Pa mapepala a odwala anasiya kulemba maola, n'kumalemba subuhi, zuhuri, magalibi, kutanthauza mapemphero a m'mawa, a masana ndi a madzulo. Zinthu zinayenda ngati zodzola mafuta.

Ndiye kunabwera woyendera anamwino kuchokera kulikulu, Mayi Jestina Nyirongo, mayi amene dzina lake lokha linkachititsa anamwino kuchapa ndi makatani omwe. Anatsika m'galimoto ya boma ili leveni koloko, fomu m'manja. Anayeza ngati diresi ya Esime yapitirira maondo, anayang'ana zikhadabo, anapititsa chala pa chithunzi cha pakhoma kufuna fumbi. Zonse bwino. Kulowa mu wodi, mabedi theka opanda anthu. Kutenga pepala la wodwala, mawu osadziwika m'buku lililonse la unamwino.

Anafunsa ngati chino n'chipatala cha boma kapena madrasa, ndipo sanadikire yankho. Anatulutsa cholembera chofiira n'kulemba pafomu, Esime akuona ndi maso ake: wolephera.

Komabe pakamwa pa Esime panatseguka pokha.

"Mayi, pepani, musanakwere galimoto mundipatseko ola limodzi. Mukapeza wosamwa mankhwala ngakhale mmodzi, chipewachi ndivula ndekha."

Mayi Nyirongo anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, nakhala pampando. Ola limenelo linatalika ngati chaka cha njala.

Kenaka mawu a woitana swala anamveka. Ha, mukanaona! Pansi pa mango panayamba kutuluka anthu, wa ndodo, wa bandeji kumutu, wina atanyamula yekha mkono wa pulasitala, wina akuthamanga kuchokera kudoko akumanga nsalu m'chiuno. Mpopi unalira, pakhonde panadzaza. Atangomaliza kupemphera, onse mu wodi, aliyense pabedi lake, kapu ya madzi m'manja. Woyamba kutambasula dzanja anali Ambrose, msilikali wa panyanja wa ku Monkey Bay, Mkatolika wa korona m'khosi, amene sanapemphere nawo koma nthawi ankaidziwa bwino lomwe.

Esime anakankha tebulo la mankhwala akuitana mayina. Mayi Nyirongo ankatsatira pambuyo ndi kaundula, kuchonga mmodzimmodzi. Odwala makumi anayi ndi mmodzi m'buku, makumi anayi ndi mmodzi omeza mapiritsi. Anawerenganso kachiwiri, poganiza kuti maso awanamiza. Anaima pa bedi la Che Sefu, nkhalamba ya chifuwa, n'kufunsa kuti mankhwala otsatira adzamwa nthawi yanji. Mkuluyo anadabwa kuti munthu wamkulu chonchi angafunse funso lachibwana, nayankha kuti magalibi, piritsi loyera limodzi ndi ofiira awiri.

Woyenderayo anati wayenda zipatala kuchokera ku Chitipa mpaka ku Nsanje, koma wodi yomwa mankhwala yonse pa nthawi imodzi anali asanaionepo. Fomu ya boma inali ndi nambala, yosang'ambika. Choncho anadula mzere pa mawu ofiira aja, nalemba pamwamba pake kuti wapambana, nasayina pambali monga amachitira munthu wovomera kulakwa.

"Mawu atatu aja undilembere pano," anatero, akumupatsa cholembera. "Ndikawaphunzitse anzako."

Esime anadzigwira mpaka galimoto itakhota pageti. Ikungobisika, anaimba nthungululu yomwe inatulutsa ophika kukhitchini, odwala akuwomba makapu pazitsulo za mabedi.

Anagwira ntchito mu wodi imeneyo zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri, Chiyao chikutuluka ngati wobadwira ku Malindi. Anamwino atsopano akalakwitsa, ankawatulutsira kope la fomu ija m'chikwama. Sankawaonetsa mawu a pamwamba ayi. Chala chake chinkaloza ofiira odulidwawo, n'kunena kuti nayenso anakhalapo wolephera kwa ola lathunthu.