Mayi Enid ndi Mwana wa Mwala

Mayi Enid Garforth anabadwira kuseri kwa tchalitchi chathu, m'kanyumba kamene lero mumagona alendo a Loweruka ndi Lamulungu okha. Bambo awo anali okumba manda, ndipo Enid anaphunzirira kuwerenga pa mayina a akufa olembedwa m'makoma.

Atakwatiwa ndi Wilf, woliza belu, anabereka mwana mmodzi, Maud, amene anamwalira ndi chifuwa asanayambe kuyenda. Enid sanalire pagulu. Loweruka lotsatira anatenga ndowa ndi sopo n'kulowa m'tchalitchi.

Kumpoto kwa guwa, pansi pa zenera lopapatiza, pali manda a msilikali wakale ndi mkazi wake, osemedwa pamwala woyera, atagona chagada, manja ataphatikiza. Kumapazi kwawo kuli kakhanda kokulungidwa m'nsalu, kamwalanso. Enid anayamba kukasukusula nkhope. Ankatero sabata ndi sabata, akatha kukolopa pansi ndi kupukuta mipando.

"Kodi abwana amwalawo akulembani ntchito yolera, amayi?" Wilf ankawaseka.

"Makolo ake ali mtulo," ankayankha. "Wina aziona mwana."

Anakalamba motero. Wilf anamwalira, ansembe anasinthanasinthana, kwaya inatha. Kenaka kunabwera mayi wina wotumidwa ndi dayosizi kudzayendera zosema zakale. Anaunika kakhandako ndi tochi nthawi yaitali.

"Amatsuka apa ndani?"

"Ndine," anayankha Enid.

"Mayi, mwala uwu umasungunuka ndi madzi. Pazithunzi zakale pakuoneka mphuno ndi milomo. Taonani tsopano."

Enid anayang'ana. Nkhopeyo inali yosalala ngati dzira. Sanaione ikutha, poti inkathera m'manja mwawo pang'onopang'ono.

"Ndamva," anatero. "Sindidzamugwiranso."

Mandawo anawazunguliza chingwe chofiira. Enid ankakolopa mpaka pachingwepo, kenaka n'kukhala pampando wapafupi, manja ali pamiyendo. Sanadandaule kwa munthu, sanajombe kumapemphero. Tsiku lina wansembe wachinyamata anawamvera chisoni, n'kukweza chingwecho.

"Dutsani, agogo. Palibe akuona."

Enid anaimirira, nayang'ana mwanayo, nakhalanso pansi.

"Nkhope ndamulanda kale, Abambo. Zotsalazo n'zake."

Anamwalira mwakachetechete pampando womwewo, mapemphero am'mawa atatha. Ochepa amene analipo ankayesa akupempherabe. Anawaika pambali pa Wilf ndi Maud; ena a ife uthenga unatipeza kutali, maliro atapita kale. Mzimu wawo uwuse mumtendere.

Masiku ano tchalitchi chimakhala chokhoma, ndipo kiyi mumakapempha kusitolo. Kapepala kamene alendo amapeza pakhomo kamati nkhope ya khandalo inafufutika ndi ukale. Si ukale ayi. Ndi manja a Enid Garforth. Pankhopepo tsopano pali fumbi, ndipo palibe wololedwa kulichotsa.