Ku Lusaka Anawayesa Shushushu

A Wilbroad Mwanza, mphunzitsi wa ku Minga, analowa yunivesite ku Lusaka imvi zitamela kale. Ankavala jekete ndipo sankalankhulalankhula. Posakhalitsa anaona kuti akangolowa m'chipinda, anyamata ankadula nkhani. Gulu lililonse lowelengela pamodzi linkati ladzaza.

Tsiku lina mtsikana wina anawafunsa maso ndi maso: "Bambo, anakutumani ndani kuno? Onse akuti ndinu shushushu, kazitape wa boma."

Iwo anaseka, koma kuyambila pamenepo anayamba kukayikila aliyense wowapatsa moni. Kuwelenga okhaokha kunawalemela, mayeso anawagwetsa, ndipo anabwelela kwao chaka chisanathe.

Lelo akuphunzitsanso ku Minga. Mphunzitsi mnzao akawafunsa za ku Lusaka, amamuyang'anitsitsa kaye, kenako n'kusintha nkhani.