Theka Lomwe Ndinaliwerenga Ngati Laundi

Ntchitoyi sindinaifunefune. Nditabwera ku Mzuzu ndi satifiketi yanga ya uphunzitsi, ahedi a sukulu ina ku Chiputula anangoti, "Madamu, ndinu wachichepere, muzikathandiza a Nyirenda kubwalo." A Nyirenda ankaphunzitsa atsikana kuthamanga mitunda yaitali. Ine ndinali ndi khanda la miyezi inayi, ndipo kuthamanga ndinkangokudziwira m'buku.

Masiku amenewo akazi sitinkavala thalauzi, choncho ndinkaima pamzere wa laimu ndi diresi lofika m'akakolo, wotchi pakhosi. Belu lathu, loimba pakatsala laundi imodzi, linali khasu lakutha, lomenya ndi bawuti. Atsikanawo ankathamanga opanda nsapato m'chifunga cha m'mawa. Mmodzi, Tiwonge, mapazi ake sankamveka n'komwe.

A Nyirenda anandichenjeza: "Mamita zikwi zitatu ndi malaundi asanu ndi awiri ndi theka. Amayambira tsidya ilo. Akadutsa koyamba pali inupa, ndi theka chabe, musawerenge yayi."

Pa mpikisano wa chigawo, awiri oyamba okha ndiwo ankapita ku Blantyre. Belu anapatsa ine. Ndiulule: mtima wanga unali kwa mwana yemwe ndinamusiya akutsokomola kwa aneba. Mfuti italira, mkaka unayamba kudontha, bulauzi n'kunyowa pamaso pa anthu. Ndinadziphimba ndi kope, manyazi ali tho, ndipo theka lija ndinalichonga ngati laundi.

Ndinaimba belu kutatsala malaundi awiri.

Tiwonge analikhulupirira. Anatulutsa mphamvu zonse, kusiya anzake kutali, kudutsa mzere n'kugwada pansi. A Nyirenda anafuula mu Chitumbuka kuti athamange, yatsala imodzi: "Yayi, mwana wane! Chimbira! Yakhala yimoza!" Anandiyang'ana kamodzi kokha Tiwongeyo. Atatu anamudutsa akadali chogwada.

Anadzuka. Poyamba ankadzandira ngati woledzera, ine ndikupemphera kuti angosiya, asandifere. Koma pokhota tsidya lija msana unawongoka. Bwalo lonse linaima. Anadutsa mmodzi. Winayo anamupeza patatsala mapazi owerengeka, namupitirira ndi chifuwa chokha. Wachiwiri.

Ndinapita pomwe anagona, ndikulira kuposa iye. "Tiwonge, ndine ndalakwitsa."

Anatembenukira kwa ine. "Madamu," anatero, "ndinkayesa mphamvu zatha zonse. Kasi laundi inayo inabisala kuti?"

 A Nyirenda anangondilanda bawuti, kuiyang'ana, n'kundibwezera. "Mwana amasunga mpweya wake mpaka inu munene kuti autaye," anatero. "Lolemba mubwere, amama."

Ndinabwera, ndipo ndaimba belu zaka zambiri. Mpaka lero sindidziwa kumene mtsikana uja anaitenga laundi imeneyo. Chomwe ndidziwa n'chakuti sindiyenera kuiitanitsanso kwa mwana wa munthu. Ndisanakweze dzanja, ndimawerenga kawiri.