Amene Ankawotcha Maluwa a Malemu

A Mawotchi sankakhulupirira kuti chinthu chingawonongeke chokha. Zaka makumi atatu anakhala pa kabenchi kawo pafupi ndi siteji ya basi, kagalasi kali m'diso, akutsegula mawotchi a anthu. Aliyense wobwera ankanena zomwezo: "Yangoima yokha." Iwo akatsegula kumbuyo ankapeza madzi, mchenga, kapena kachitsulo kopindika kosonyeza kuti wotchiyo inagwa. Ndiye kwa iwo munthu aliyense anali wabodza kufikira utamutsegula kumbuyo. Ntchito ankaidziwa, koma kukhala nawo nyumba imodzi kunkafuna kuleza mtima.

Mkazi wawo anamwalira nyengo yozizira, n'kusiya miphika isanu ndi iwiri ya maluwa pakhonde. Anthu a pamaliro atabalalika, a Mawotchi anaitana mwana wawo wamwamuna ndi mkazi wake, amene ankakhala nawo nyumba yomweyo.

"Miphika iyi asaikhudze munthu," anatero. "Kuthirira ndithirira ndekha."

Ankathiriradi, m'mawa asanapite ku benchi ndi madzulo akaweruka. Zovala za malemu zinali zitagawidwa kwa abale. Chimene chinatsala chamoyo, chodzalidwa ndi manja awo, chinali maluwawo basi.

Kutayamba kutentha, masamba anayamba kupsa. Ankauma kuyambira m'mphepete, n'kusanduka ofiirira, ukawagwira n'kumathetheka ngati pepala lakale. A Mawotchi anatulutsa kagalasi kawo n'kugwada pasimenti. Anatembenuza tsamba lililonse. Nsabwe panalibe. Mabowo a mbozi panalibe. Nkhungu yoyera ya matenda panalibenso. Analowetsa chala m'dothi, n'kupeza chinyezi chilipo. Choncho ludzu silinali mlandu, tizilombo sitinali mlandu. Kwa munthu ngati iwo panatsala yankho limodzi lokha: dzanja la munthu.

Ndipo masana pakhomopo pankatsala ndani? Mpongozi wawo. Ankachapira zovala pafupi ndi khonde lomwelo. Kawiri konse a Mawotchi anamupeza akuyang'anitsitsa miphikayo, ndipo tsiku lina anayamba kuti, "Bambo, maluwawa…" iwo n'kumudula pakamwa. Tsopano zonsezi zinasanduka umboni. Ananunkhiza dothi kufuna fungo la sopo kapena palafini. Analilawa ndi lilime kufuna mchere, bambo wamkulu wa imvi zake kulavula matope pakhonde. Anazunguliza mphika uliwonse ndi choko kuti akausuntha adziwe. Masiku anayi anadutsa, miphika ili m'mizere yake, masamba akupsabe.

"Ndi wochenjera ameneyu," anadziuza.

Mwana wawo atamuuza kuti mkazi wake akuthira chinthu m'maluwa, anangoti, "Mwamufunsa, bambo?" A Mawotchi anakwiya. Wakuba amafunsidwa? Amagwidwa.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Lachitatu masana anatseka benchi, chinthu chimene sanachitepo chiyambire ntchito, n'kubwerera kunyumba podzera njira ya kuseri. Anabisala pakona ya khoma, thukuta lili kamukamu. Khonde lawo lomwe, limene ankalidziwa lili ndi mthunzi m'mawa ndi madzulo, linali ng'anjo. Dzuwa linkamenya miphika, khoma loyera n'kumabwezera moto pamasamba.

Posakhalitsa mpongoziyo anatuluka atanyamula chinthu m'manja. Mtima wa a Mawotchi unagunda ndi chimwemwe choipa cha munthu amene walondola. Koma chinthucho chinali nsalu yoyala pabedi. Mayiyo anakwera pampando, anamangirira nsaluyo pa msomali ndi pa waya woyanikira, akusamala kuti chigongono chake chisakhudze ngakhale tsamba limodzi.

"Mukutani apa, mayi?"

Mpongoziyo anadzidzimuka, koma sanatsike pampando. "Ndikuwatchingira dzuwa, bambo. Kukhudza munaletsa. Koma nsaluyi ndi yaing'ono, imangofika miphika itatu."

A Mawotchi anayang'ana. Miphika itatu ya pansi pa nsalu inali yosapsa kwenikweni. Ina inayi inali itapsa mbali imodzi yokha, mbali yoyang'ana dzuwa. Kagalasi kawo kankaona kachidutswa ka tsamba, koma izi zinkafuna kuti munthu aime patali. Anagwira mphika umodzi n'kuchotsa dzanja msanga. Unali wotentha ngati poto wa pamoto.

"Nanga zaka zonsezi bwanji sankapsa?"

"Amayi ankaisuntha. Ikakwana leveni koloko, yonse inkapita kuseri kwa nyumba, pamthunzi. Folo koloko n'kuibweza, inu musanafike. Ankati mumakonda kuwaona mukamalowa pageti."

"Osandiuza bwanji?"

"Ndinayesa, bambo."

Mawu awiriwo anawapweteka a Mawotchi kuposa kutukwanidwa. Safunsa anadya phula. Manyazi anawagwira, koma chisoni chinaposa manyazi. Zaka makumi atatu ankalowa pageti n'kumaona maluwa obiriwira, akuyesa kuti maluwa amakhala choncho.

Anavula jekete, n'kuyamba kunyamula miphika ing'onoing'ono umodziumodzi kupita nayo kuseri. Mpongozi anatsika pampando koma anangoima, manja atapinda, poti lamulo linali lisanachotsedwe. Unatsala mphika waukulu wa pakona, wa duwa lofiira, limene masamba ake anali atapsa theka. A Mawotchi anaukumbatira, anakoka, anabuula. Sunasunthe.

"Umenewo amayi sankautha okha," anatero mpongoziyo chapansipansi. "Tinkaugwira awiri."

A Mawotchi anali chiweramire, thukuta likudonthera m'dothi.

"Bwerani mugwire, mayi," anatero. Kenako anafunsa osadzutsa mutu: "Iwo ankagwira mbali iti?"

"Yomwe mwagwirayo, bambo."