Makwerero a dongo ndi mlendo wa amayi

Mng'ono wanga anatayika tsiku limene tinathawa nkhondo. Ine ndinali mwana ndithu koma ndikukumbukira, pamene iye anali atangoleka kuyamwa. Amayi anali ndi khanda kumbuyo, mtolo pamutu, ndipo mng'ono wangayo anamugwira padzanja. Mfuti zitalira pafupi ndi mtsinje anthu anabalalika, ndipo titapezananso m'thengo dzanja la amayi linalibe kanthu. Abambo anabwerera kukafunafuna, nabwerako okha. Tinalowa m'Zambia choncho, ndipo abambowo tinawaika komweko chifuwa chitawatenga.

Nkhondo itatha tinabwerera kwathu cha ku Chiputo n'kupeza mudzi utasanduka tchire. Mitengo ya mango ndiyo inatiuza pamene panali nyumba yathu. Amayi asanazike ndi nsichi imodzi yomwe, anayamba kuzungulira midzi kufunsa za mwana wawo, koma palibe amene anadziwa kanthu. Pamapeto pake amalume ndi akulu a mpingo anati tilire maliro kuti mitima ikhale pansi. Tinalira maliro opanda mtembo, tinameta, ndipo kuchokera pamenepo dzina la mng'ono wanga silinatchulidwenso pakhomo pathu. Nanenso sindilitchula pano.

Panapita zaka. Ine ndinakakamira sukulu mpaka ndinakafika ku Fingowe, kumene ndinkakhala kwa achibale. Anzanga a msinkhu wanga anali atabereka kale, ine ndikulimbana ndi kalasi ya khumi, ndipo amayi a m'mudzi ankandifunsa ngati mabukuwo ndiwo adzandimangire nyumba. Ndinkawayankha, chifukwa pakamwa panga sipanakhalepo paulesi.

Tsiku lina ndili kumudzi patchuthi, panafika bambo wina atakweza mtsikana panjinga. Anati achokera cha ku Malowera, kufupi ndi malire. Mayi amene analera mtsikanayu, ali pafupi kumwalira, anaulula kuti sanamubereke. Anamutola nthawi ya nkhondo akulira yekha m'mbali mwa mtsinje wa kuno kwathu, nathawa naye. Bamboyo anali atafunsa m'mipingo ingapo mpaka wina anamulozera kwathu.

Ine mtima wanga ndi wothamanga. Nditangoona mphumi ya mtsikanayo ndinaona malemu abambo anga. Amayi anayala mphasa, anapereka madzi, kenaka anamuyang'ana kuyambira zala za kumapazi mpaka kuseri kwa makutu. Mng'ono wanga analibe chipsera kapena chibadwa chilichonse choti munthu n'kulozapo. Mtsikanayo sankakumbukira kanthu, ngakhale dzina lake loyamba, ndipo ankayankhula Chinsenga chokhachokha. Amayi anati akhoza kutsala, bambo uja n'kubwerera yekha.

Anatsaladi. Ankalima nafe, kutunga madzi, kudya m'mbale imodzi ndi ife. Amayi anamupatsa bulangete labwino kuposa langa, ndipo atadwala malungo ndiwo anamusamalira osachoka pambali pake. Koma pomuitana ankati, "Alendo, bwerani mudye." Mwezi unatha, unatha wina, iye adakali alendo. A m'mudzi anagawikana. Ena ankati ndi wathu osachita kufunsa, ena ankati kuno tonse ndife pachibale ndiye nkhope zimangofanana, komanso si ife tokha amene tinataya mwana pamtsinje uja. Zimenezo zinali zoona, ndipo n'chifukwa chake zinkandikwiyitsa.

Ndinabwerera kusukulu nkhaniyi ikundidya. Chigawo chimenecho aphunzitsi athu a za zamoyo anayamba kutiphunzitsa ADN, imene m'mabuku a ku Zambia amalemba DNA. Anali bambo woonda wochokera kumzinda wa Tete, amene ankasunga choko ngati mchere. Kalasi yathu inali yosokonekera. Ambiri tinayamba sukulu m'Chingerezi kothawira kuja, ndiye Chipwitikizi chathu chinali chotsimphina, ndipo buku linali limodzi, lawo. Atayankhula kwa masiku angapo n'kuona kuti tikungogwedeza mitu ngati abuluzi, anatiuza kuti tibwere ndi dongo, nsungwi, tsekera ndi luzi.

Tinaumba timipira tadongo n'kutisiyanitsa mitundu inayi: tofiira ta katondo, toyera ta njereza, takuda topaka makala, ndi tina tosapaka kanthu. Lamulo linali limodzi. Kofiira kamayenda ndi koyera basi, kakuda ndi kosapaka basi. Timipira tiwiri tinkatilumikiza ndi tsekera, kamodzi kolowa m'kanzake kuti tizitha kusolola, ndipo mapeto ake tinkamangirira ku timitengo tiwiri ta nsungwi zong'alula. Zinatuluka ngati makwerero. Aphunzitsi anagwira kumwamba ndi kumunsi n'kupotoza pang'ono, nati m'kachidutswa kalikonse ka thupi lathu muli makwerero otere, aatali koma osaoneka ndi maso, ndipo ndondomeko ya timipirayo ndiyo imanena kuti munthu adzakhala wotani. Mnyamata wina anati amenewa ndi makwerero a mbewa, ndipo dzinalo linakhazikika.

Tsiku lotsatira anatiuza kuti tisolole makwererowo pakati. Tinadandaula, poti tinali titavutika nawo. Mbali ziwiri zitagona padera, anati aliyense amangirenso mbali yosowayo potsata lamulo lija. Tinamanga, ndipo posakhalitsa pamalo pa makwerero amodzi panali awiri ofanana ndendende, aliwonse ali ndi mbali yakale ndi mbali yatsopano. Anati umu ndi mmene thupi limakoperera uthenga wake likamakula. Pambuyo pake tinaphunzira kukopera mbali imodzi pachingwe, kupita nacho kumbuyo kwa kalasi, n'kumawerenga timipira titatutitatu. Titatu tilitonse tinkaitana njere yake, ya dzungu kapena nyemba kapena mtedza, ndipo njerezo tinkazitunga mpaka kukhala mkanda umene ankautcha puloteni. Ukalakwitsa kampira kamodzi, mkandawo unkatha kutuluka wina.

Anzanga ankasewera nazo. Ine ndinagwira mawu amodzi amene aphunzitsi ananena mongodutsa, akuti mwana amalandira theka la makwerero ake kwa mayi, theka kwa bambo, ndipo pali anthu amene amatha kufananitsa a mwana ndi a kholo n'kudziwa zoona. Titaweruka ndinawatsatira mpaka pansi pa mtengo pamene ankaimika njinga.

"Sinyoro pulofesolo, amafananitsa kuti?"

Anandiyang'ana, nafunsa chifukwa chake, ndipo ndinawafotokozera zonse. Sananditonthoze ndi bodza. Anati kuchipatala cha kuno kulibe, ku Tete sakhulupirira kuti kuli, ndipo mwina n'kunja kwa dziko. Anati iwonso chinthucho sanachionepo ndi maso, anangochiwerenga monga ifeyo tikuchiumba. Kenaka anati makwerero a gulu lathu ndikhoza kuwatenga sukulu ikatsekera.

Ndinawatengadi. Sindikudziwa bwino chimene ndinkayembekeza. Ndikuganiza kuti ndinkakhulupirira kuti amayi akaona ndi maso kuti mwana ndi chinthu cholembedwa kuchokera kwa makolo ake, adzayang'ana mphumi ija n'kuvomera. Ndinawakulunga m'chitenje, koma mvula inali itayamba, galimoto inatisiya panjira, ndipo mtunda wotsalawo ndinayenda pansi. Pofika kwathu mbali imodzi inali itaphwanyikaphwanyika.

M'mawa mwake ndinawayala pakhonde. Mtsikana uja, amene ankanditchula kuti mana monga amachitira ang'ono kwa akulu awo, anabwera kudzakhala pafupi. Ndinamuuza lamulo la mitundu, ndipo tinayamba kuumba timipira tatsopano, iye akuyang'ana mbali yotsalayo n'kumandiuza kamene kakusowa. Ankaseka dongo likamamatira kuzala. Amayi anali pomwepo akusankha nyemba zobzala, akuchita ngati sakutiona. Madzi atatha mtsikanayo anatenga chikho n'kupita kuseri kukatunga ena, ine n'kupezerapo mpata wofotokoza zonse monga anatiphunzitsira, mwinanso mokweza mawu kuposa mmene mwana ayenera kuyankhulira ndi mayi ake.

Amayi anamvetsera mpaka ndinamaliza. Anafunsa ngati ndikutanthauza kuti mwana aliyense amene anabereka ali ndi theka lawo m'thupi, ndipo ndinavomera.

"Nanga a alendowa ali kuti? Undionetse awo, osati a dothi."

Ndinapsa mtima. Ndinati mphumi ndi ya abambo, mayendedwe ndi awo amayiwo, mtsinje ndi womwewo, chaka n'chomwecho, akufunanso chiyani? Ndinati munthu wabwera yekha pakhomo ndipo iwo akumuzunza ndi ulemu.

Anaika lichero pansi.

"Ukuyesa sindiona? Ndimamuona akamachokera kudambo, mtima n'kundiuza kuti ndi yemweyo. Koma ndikamupatsa dzina lija ndiye kuti ndaleka kudikira. Nanga ngati si iyeyu? Wanga uja adzafike pano n'kupeza dzina lake ndapatsa wina? Ndinamutaya kamodzi, mwanawe."

Ndinawakumbutsa kuti maliro tinalira kale. Anati analira chifukwa anauzidwa kuti alire. Nditacheuka, mtsikana uja anali ataima pangodya ya nyumba ndi chikho chake. Anabwera, anathira madzi padongo, ndipo tinamaliza makwererowo. Ndinamva chisoni chimene sindinachimvepo ngakhale pamaliro a abambo, chifukwa apa panalibe woti n'kumuimba mlandu.

Anakhala nafe mpaka kukolola. Chimanga chitalowa m'nkhokwe anatsazika, nati abale ake a ku Malowera akumufuna. Amayi sanamuletse. Anamulongedzera ufa, nyemba ndi nkhuku, n'kumupatsa bulangete lija, ndipo dzulo lake anamuluka tsitsi okha, pang'onopang'ono, masana onse. Patapita nthawi tinamva kuti anakwatiwa kumeneko.

Patchuthi chotsatira amayi anandiitanira kumunda, kumene kunalibe makutu. Anandifunsa ngati makwerero aja amapezekanso m'tsitsi. Ndinati aphunzitsi amati ali kumizu yake. Anamasula mfundo ya pachitenje n'kutulutsa kansanza, m'kati muli tsitsi limene linatsalira m'chipeso tsiku lomuluka lija. Kwathu kusunga tsitsi la munthu mobisa si nkhani yabwino, ndipo akanawaona wina bwenzi atawatchula dzina loipa. Kenaka anavula duku n'kundiweramira.

"Zula langa. Uzule ndi mizu."

Ndinawauza mosabisa kuti malo ofananitsirawo kulibe kuno konse. Anati misewu ikukonzedwa, milatho ikumangidwa, zimenezonso zidzafika, ndipo ine ndine wa shikola, wophunzira, ndidzayenda kutali. Ndinazula, iwo n'kulimangira m'kansanza komweko n'kundipatsa. Tsitsi lawo linali litayamba imvi.

Kutali kwake ndinakafika ku Tete basi. Ndinafunsa kumene ndinatha kufunsa, ndipo ena ankandiseka, ena ankandimvera chisoni. Nthawi iliyonse ndikafika kumudzi amayi ankadikira kuti anthu achoke, n'kundifunsa ngati zija zatheka. Ndinkati sizinatheke, iwo n'kunena kuti chabwino, n'kuyamba nkhani ya mbuzi. Anafunsa choncho mpaka chaka chimene anamwalira.

Uthenga wa maliro unafika ku Malowera, ndipo mtsikana uja anabwera, tsopano ali mayi wa ana, wina ali kumbuyo. Sanalowe m'nyumba ya siwa mmene tinakhala ife anamfedwa. Anapita kuseri kumene amayi a m'mudzi ankaphikira anthu, namanga chitenje n'kuyamba kutsuka mbale. Titachoka kumanda ndinamutsatira komweko. Ndinamugwira dzanja n'kumuuza kuti malo ake ndi m'nyumba, ndipo pometa akhale nafe. Anakana mofatsa, nati eni ake sanamuitanepo.

Pamenepo ndinamuonetsa kansanza kaja, ndipo ndinamuuza zonse: za chipeso, za kumunda, ndi za funso limene amayi ankandifunsa chaka ndi chaka. Anakatenga, anakamasula, nayang'ana tsitsi lakuda ndi la imvi litapiringizana. Mwana wake ankamukoka khutu.

"Mana, akanangondipempha amama, ndikanawapatsa mutu wonse."

Anamanganso mfundo bwinobwino n'kundibwezera. Ndinamupemphanso kuti tilowe, koma anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje, nati mbale zatsala zambiri ndipo anthu a kutali sanadye.