Bambo a Khomo Linalo ndi Wailesi Yawo

Bambo oyandikana nafe kuno ku Oshawa, tauni ya m'chigawo cha Ontario kutsidya kuno kwa nyanja, sazimitsa wailesi. Adapuma ntchito yosamalira okalamba, ndiye tsiku lonse amamvetsera mkulu wina wa pulogalamu yoimbira foni, yemwe amati ife obwera ndi amene takweza lendi. Mawu ake amadutsa khoma n'kundipeza ndikuyamwitsa Tiyanjane. Bambowa amamuyankha ngati akhala naye pabalaza: "Ayi achimwene, pamenepo mwanama."

Mwezi watha mkuluyo adauza omvera ake kuti alembe nyumba zonse zomwe zadzaza alendo, akazipereke ku khonsolo. Bambowa adaimba foni, ndipo ndidamva mawu awo kukhoma. Monga munthu woleredwa bwino, adayamba ndi moni, nafunsa za kunyumba, kenako n'kudzifotokoza: dzina, kwawo ku Dedza, msewu wathu, nambala ya nyumba yathu. Adatchulanso kuti khomo linalo kuli mayi wa khanda amene akudikira mapepala ake okhalira m'dziko muno. Asanafike pa mfundo yawo, mkuluyo adangoti, "Thank you, sir," n'kudula foni.

Ndidakagogoda pakhomo pawo. "Bambo, mwauza Ontario yense pomwe ndimagona!"

"Make Tiya, munthu ungatsutsane naye bwanji asanakudziwe?"

Ndidalibe mphamvu zokangana nawo. Mpaka lero palibe wa ku khonsolo amene wabwera, koma galimoto ikangoima panja ndimasuzumira pakatani, ndipo mwana ndimatulukira naye khomo lakumbuyo. Bambowa akuyesabe kuimba Lachiwiri lililonse. Akuti mfundo yawo ija sadainene.