Ngwazi yonga mvuu ya m'katuni

Kunyumba yosamalira okalamba ku Armadale, kumayiko akunja, komwe ndinkagwira ntchito, kunali agogo ena aamuna okonda makatuni akalekale. Ankaikonda kwambiri mvuu ina yovala chinsalu chofiira kumsana, yodzitcha ngwazi yopulumutsa anthu. Ikati iuluke inkagunda khoma, galimoto n'kuiponda mpaka kuphwathalala ngati mphasa, koma inkangodzikutumula n'kudzuka. Agogowo ankaseka mpaka misozi ine ndikuwanyamula kuti ndiwakhazike pampando, msana wanga ukuchita kuyaka moto.

Tsiku lina mabwana anamata pakhomo chikwangwani chotitcha antchitofe ngwazi, masana omwewo n'kundiwonjezera shifiti. Sananame ayi. Kungoti ankanena ngwazi yamtundu wa mvuu ija, yoti uiponde lero, mawa idzuke ikakwere sitima yopita kuntchito.